Wachinyamata Wokhumudwa, M'buku ndi Pakhomo Pathu

"Nkhani za mwana wokhumudwa n'za azungu"

Tikamva za *The Catcher in the Rye*, buku la J.D. Salinger la mu 1951, n'zosavuta kuganiza choncho. Limanena za Holden Caulfield, mnyamata amene atachotsedwa sukulu ankangoyendayenda mu New York, ataleka kukhulupirira akuluakulu. Koma ifenso ku Mozambique tili nalo lathu. Mu 1964 Luís Bernardo Honwana anatulutsa *Nós Matámos o Cão-Tinhoso*. M'nkhani yoyamba ya m'bukuli muli Ginho, mnyamata amene anzake amamunyoza, ndipo amamukakamiza kuwombera galu wodwala amene iyeyo ankamumvera chisoni. Tikamanena kuti zimenezi n'zachilendo, timalephera kuzindikira ana ngati Ginho amene ali ku Metangula, ku Messumba ndi ku Cobué.

"Buku lotere limaphunzitsa mwana mwano"

Makolo amene amaopa zimenezi amatero chifukwa chokonda ana awo. Komatu Ginho si wamwano. Iye amavutika chifukwa anamvera, pakuti lamulo lopha galu uja linachokera kwa munthu wamkulu. Mwana akawerenga nkhani yotere amapeza mawu ofotokozera zimene zili mumtima mwake. Tikamulanda bukulo, zimene zikumuvutazo zimatsala pomwepo.

"Mwana akasiya kulankhula ndi anthu, ndi matama kapena walodzedwa"

Apa ndi pamene timavulaza ana kwambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la maganizo. Kukhala payekha, kusiya kudya, kusowa tulo ndi kupsa mtima msanga zimatha kukhala zizindikiro za matenda a nkhawa kapena okhumudwa, amene amachizika.

Koma ife timatani? Timamukalipira, mwina kumukwapula kumene. Akalephera mayeso timati sukulu yamukana, n'kumusiya azipita kunyanja usiku kukawedza usipa, kumene ena amayambira kachasu ndi chamba. Pena timaloza chala agogo ake kuti ndiwo amulodza, banja n'kugawikana. Miyezi imatha, ndalama zikuthera kwa asing'anga, mwanayo asanaonedwe kuchipatala ndiponso popanda amene wakhala naye pansi n'kumufunsa chimene chikumuwawa. Kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha kwambiri achinyamata padziko lonse, ndipo ambiri mwa odziphawo amakhala ataonetsa kale zizindikiro zimenezi pamaso pathu.