Phunziro 14: Chivundikiro cha Radiyeta

Tikamaphika nyemba, chivundikiro cha mphika chimagwedera. Chimene chimagwedeza ndi nthunzi. Lita imodzi ya madzi ikawira yonse, imasanduka malita oposa 1,600 a nthunzi. Nthunzi ikasowa potulukira, imaphulitsa.

Thirakitala ya koperativa yathu nayonso imamwa madzi. Ku Moatize kumatentha, ndipo msewu wopita ku Zóbuè ngwokwera. Injini imatentha kwambiri.

Chivundikiro cha radiyeta chili ndi sipuling'i. Mphamvu ikachuluka mkati, sipuling'i imagonja, nthunzi nkutulukira pa kapaipi. Ikachepa, imatsekanso.

Chikatayika, tisatseke ndi chitsononkho kapena sanza ayi. Madzi amatha msanga, injini nkupsa, mvula nkutipeza tisanalime.

Poika chatsopano tichite motere:
1. Tizimitse injini, tidikire izizire.
2. Tione kuti nambala yake ikufanana ndi ya chakale.
3. Tione kuti labala wake sanang'ambike.
4. Tikanikize, tipotokole mpaka chigwire.

Tisatsegule injini ili yotentha. Nthunzi imawotcha nkhope ndi manja.

Tikambirane: Kodi thirakitala yathu yatsekedwa ndi chiyani? Ndani amaiona m'mawa uliwonse?