Mayeso olowera ntchito m'boma: cholowa cha mafumu a Han

Ophunzira a ku Chileka ndi ku Lirangwe akamalemba mayeso a Maneb, amayembekezera kuti nzeru zawo, osati dzina la bambo awo, ndizo zidzawapezetse ntchito. Ganizo limeneli lili ndi mizu yakale ku China.

Ufumu wa Qin, womwe udagwirizanitsa dzikolo m'chaka cha 221 Yesu asanabadwe, udalamulira mwankhanza ndipo udagwa patangotha zaka 15. Mafumu a Han, amene adalamulira zaka pafupifupi 400 mpaka mu 220 AD, adatolapo phunziro. Iwo adatsamira pa chiphunzitso cha Confucius chakuti ufumu umalimba ndi khalidwe labwino la olamulira, osati chikwapu.

M'chaka cha 124 Yesu asanabadwe, mfumu Wu idatsegula sukulu yosula ogwira ntchito m'boma, yomwe idayamba ndi ophunzira 50. Okhoza mayeso ankapatsidwa maudindo. Maufumu otsatira adakulitsa mayesowa, omwe adapitirira mpaka mu 1905.

Komabe, ambiri okhoza anali ana a anthu opeza bwino, poti ndiwo anali ndi mabuku komanso nthawi yowerenga. Ngakhale kuno, mayeso sangakhale achilungamo pokhapokha mwana wa ku Lirangwe akhale ndi mabuku ndi aphunzitsi okwanira ngati mnzake wa mumzinda wa Blantyre.