Dzina lokha silikwanira pogula gitala ya magetsi ya ku Japan

Magitala a magetsi opangidwa m'dziko la Japan, omwe zaka makumi asanu zapitazo ankatengedwa ngati katundu wotchipa wongotsanzira wa ku America, lero ali m'gulu la zida zoimbira zomwe akatswiri amazipatsa ulemu, moti ena mwa akalewo akugulidwa pa mtengo woposa womwe anali nawo ali atsopano.

Nkhaniyi ikukhudzanso maofesi, sukulu komanso mabandi a nthambi za boma monga a apolisi ndi asilikali, omwe nthawi zina amagula zida zoimbira ndi ndalama za misonkho. Mkulu woona zogula katundu akhoza kuvomereza mtengo wa gitala ya ku Japan n'kulandira yopangidwa ku Indonesia kapena ku China, wogulitsa osanama ngakhale pang'ono, kaamba koti dzina la kampani ya ku Japan silitanthauza kuti chidacho chidapangidwira m'dzikolo.

Chikoka cha gitala ya magetsi chidakula ku Japan m'chaka cha 1965 pomwe gulu loimba la ku America la The Ventures lidakaimba m'mizinda ya dzikolo. Makampani monga Teisco ndi Guyatone adapanga magitala ochuluka kuti akwaniritse chilakolako cha achinyamata, koma ambiri mwa magitalawo adali osalimba ndipo nsambo zake sizinkachedwa kumasuka. Mbiri yoipa ya katundu wa ku Japan idachokera pamenepa.

Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1970, ndipo mbali ina chidathandiza ndi kufooka kwa eni luso ku America. Kampani ya Fender idali itagulidwa ndi CBS mu 1965 pa mtengo wa madola 13 miliyoni, pomwe Gibson idalowa m'manja mwa kampani yomwe idadziwika ndi dzina loti Norlin kuyambira mu 1969. Oimba ambiri adayamba kudandaula kuti eni atsopanowa ankaika mtima pa kuchulukitsa katundu kusiyana ndi kusamala kapangidwe. Pa nthawi yomweyo amisiri a ku Japan ankagula magitala a Fender ndi Gibson a m'ma 1950 ndi 1960, kuwamasula chiwalo ndi chiwalo, kuyeza chilichonse n'kupanga ofanana nawo. Mayina monga Greco, Tokai, Burny ndi Ibanez adatchuka m'njira imeneyi.

Mu June 1977 eni ake a Gibson adasumira kampani ya Elger, yomwe inkagulitsa magitala a Ibanez ku America, ku bwalo la milandu la mumzinda wa Philadelphia chifukwa chotsanzira kaumbidwe ka mutu wa gitala. Mlanduwo udathera kunja kwa bwalo, ndipo pomwe unkayamba n'kuti Ibanez itasintha kale mutuwo. Ngakhale zili choncho, ogulitsa ambiri mpaka lero amatcha gitala iliyonse yakale ya ku Japan kuti ndi "ya nthawi ya mlandu" pofuna kukweza mtengo. Wogula ayenera kudziwa kuti mawuwa sanena chilichonse za ubwino wa chida, poti magitala ena a nthawiyo adali apamwamba pomwe ena adali a matabwa omatamata okhala ndi khosi longomangidwa ndi masikuluwu pamalo pomwe gitala yeniyeni ya Gibson imakhala ndi khosi lomatidwa ndi guluu.

Fender idasankha njira ina. M'malo molimbana ndi otsanzirawo, mu 1982 idagwirizana ndi makampani awiri a ku Japan, Kanda Shokai ndi Yamano Gakki, n'kukhazikitsa Fender Japan. Ntchito yopanga magitala idaperekedwa ku fakitale ya FujiGen ya mumzinda wa Matsumoto, m'chigawo cha Nagano, yomwe inkapanganso Greco ndi Ibanez. Magitala oyamba a mgwirizanowu, kuphatikizapo a dzina la Squier omwe ankatumizidwa ku Ulaya, ali ndi nambala yoyamba ndi zilembo JV, ndipo ndi omwe akufunidwa kwambiri pa msika wa zida zogwiritsidwapo kale ntchito. Pomwe CBS idagulitsa Fender mu 1985, fakitale ya ku Fullerton siidali gawo la malondawo, kotero kwa kanthawi magitala ambiri a Fender ogulitsidwa ku America komweko ankachokera ku Japan, kufikira fakitale yatsopano ya ku Corona itakhazikika.

Apa ndi pomwe pali mfundo yomwe ogula ambiri amaiphonya. Ku Japan, mwini dzina ndi mwini fakitale nthawi zambiri amakhala anthu osiyana. Hoshino Gakki ya ku Nagoya ndiyo mwini wa Ibanez, koma magitala ake apamwamba kwa zaka zambiri akhala akutuluka ku FujiGen. Fakitale ya Matsumoku, yomwe idayamba ndi kupanga makabati a makina osokera a Singer, ndiyo inkapanga Aria Pro II, Westone komanso Epiphone, mpaka idatsekedwa mu 1987. Magitala a Fender Japan nawo adasamukira ku mafakitale a Tokai ndi Dyna Gakki chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthawi yomwe mawu olembedwa pakhosi adasintha kuchoka pa "Made in Japan" kukhala "Crafted in Japan". Ena amati oyambawo ndi abwino kuposa achiwiriwo, koma kusiyana kwenikweni kumaoneka kwambiri pakati pa gitala yotsika mtengo ndi yokwera mtengo ya chaka chimodzi kusiyana ndi pakati pa mafakitalewa.

Mwamwayi, makampani a ku Japan adasiya chizindikiro chothandiza pa nkhani ya mtengoyi. Pa magitala ambiri a m'ma 1970 ndi 1980, nambala ya mtundu wa gitala inkasonyeza mtengo wake m'ndalama ya yen. Greco EG-800 inkagulitsidwa pa 80,000 yen, chimodzimodzinso Tokai LS-80, pomwe Fender ST62-65 inali pa 65,000 yen ndipo ST62-115 inali pa 115,000 yen. Magitala awiri omalizawa amaoneka ofanana ukawaonera patali, koma wokwera mtengoyo adali ndi utoto wopyapyala wa mtundu wakale. Pa magitala otsanzira Gibson Les Paul, okwera mtengo ankakhala ndi thabwa lochindikala la mtengo wa maple wa maonekedwe okongola pamwamba, pomwe otsika mtengo ankangomatidwa kachikhungwa kopyapyala kokongoletsa. Wogulitsa yemwe akungonena kuti "Tokai ya ku Japan" osatchula nambala, ndiye kuti sanatchule chomwe chikugulitsidwa.

Pa ukalipentala, magitala a ku Japan savuta kuwayamikira. Khosi limalowa m'malo mwake popanda mpata, tizitsulo topingasa pakhosi timakhala tosalala m'mphepete mosacheka zala, ndipo magitala khumi a mtundu umodzi amatuluka ofanana. Kufanana kumeneku n'kofunika kwa ofesi yomwe ikuitanitsa katundu osamuona ndi maso. Zitsulo zochunira nsambo za kampani ya Gotoh, zomwe zimapezeka pa magitala ambiri a m'dzikolo, ndi zodalirika moti ngakhale opanga magitala a kumaiko ena amazigwiritsa ntchito.

Pofooka pake ndi pa zamagetsi. Pa mitundu yotsika mtengo, makampani ankapulumutsa ndalama poika ma pickup wamba, maswitchi apulasitiki ndi mawaya opyapyala. Izi zimakonzeka, ndipo oimba ambiri amagula gitala yotere n'kusintha zamkatizo. Koma pali chopinga: zipangizo za ku Japan zimayezedwa m'mamilimita pomwe za ku America zimayezedwa m'mainchi, kotero chipangizo chogulidwa mosasamala chikhoza kukana kulowa pa bowo lake. Mitundu ina imapangidwanso ndi mtengo wa basswood, womwe ndi wopepuka ndi womveka bwino koma wofewa, ndipo suchedwa kubonyoka pa gitala yomwe imayenda m'malole kupita ku misonkhano.

Chomwe chidachotsa magitala otsika mtengo ku Japan ndi nkhani ya ndalama. Pambuyo pa mgwirizano wa Plaza wa mu September 1985, mphamvu ya yen idakwera kuchoka pa pafupifupi 240 pa dola imodzi kufika pansi pa 130 mu 1988. Katundu wa ku Japan adakwera mtengo kunja, ndipo makampani adasamutsira ntchito yopanga magitala wamba ku Korea, kenako ku Indonesia ndi ku China. M'dziko la Japan mudatsala magitala a pakati ndi apamwamba.

Ndi chifukwa chake lero dzina limodzi limakhala ndi makwerero angapo. Kwa Ibanez, mitundu ya Prestige ndi j.custom ndiyo imapangidwa ku Japan, pomwe Premium imachokera ku Indonesia ndipo GIO ndi ya ophunzira, yopangidwa kunja kwa Japan. Kwa ESP, kampani yomwe Hisatake Shibuya adaikhazikitsa ku Tokyo mu 1975, mtundu wa E-II ndi wa ku Japan pomwe LTD ndi wa maiko ena a ku Asia. Yamaha, yomwe idatchuka pa magitala a magetsi ndi SG2000 ya mu 1976 yomwe Carlos Santana ankaimba, imapangira ku Japan mtundu wa Revstar Professional, koma Pacifica 112 yomwe imapezeka m'masitolo ambiri ndi ya ku Indonesia. Izi sizikutanthauza kuti Pacifica ndi gitala yoipa. Kwa sukulu yomwe ikufuna zida zophunzitsira ana, ndi imodzi mwa magitala omwe ndalama yake imaoneka, ndipo kugulira ophunzira oyamba gitala ya Prestige kungakhale kuwononga chuma. Vuto limabwera pomwe mtengo wolipidwa uli wa khwerero lapamwamba koma katundu wofika ali wa khwerero lapansi.

Mgwirizano wa Fender Japan udatha mu March 2015, ndipo kuyambira pamenepo Fender imayendetsa yokha malonda ake m'dzikolo, ndi mitundu monga Traditional, Hybrid ndi Heritage. Pa mtengo, magitalawa kawirikawiri amakhala pakati pa opangidwa ku Ensenada m'dziko la Mexico ndi opangidwa ku Corona. Kugwa mphamvu kwa yen, komwe mu 2024 kudafika pa 160 pa dola imodzi, kudachititsa kuti ogula akunja awaone otsika mtengo kwambiri. Koma pa nkhani yogulitsanso, gitala ya ku America imasunga mtengo wake bwino kaamba ka dzina, pomwe Tokai kapena FGN, dzina lomwe FujiGen imagulitsira magitala akeake, ikhoza kukhala yopangidwa mwaluso lofanana koma n'kusowa woigula msanga. Kwa bandi yomwe idzaimba chidacho zaka makumi awiri osachigulitsa, kusiyana kumeneku kumakomera wogula.

Magitala akale amafuna kusamala kwina. A Malawi adazolowera kuitanitsa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan pongoona zithunzi, koma pa gitala chithunzi sichionetsa khosi lopotoka kapena tizitsulo ta pakhosi tomwe tadyeka. Chofunika kufunsa ndi chakuti chitsulo cha mkati mwa khosi, chomwe chimaliwongola, chikutembenuka kapena ayi, poti kusintha kwa nyengo kuchoka ku chilimwe kulowa dzinja kumapinda thabwa ndipo khosi limafuna kuwongoledwa. Pa mitundu yotsanzira Fender zakale, chitsulochi chimatembenuzidwira kumunsi kwa khosi, moti mmisiri nthawi zambiri amayenera kumasula khosilo kaye. Zipangizo za mayina omwe eni ake adasiya ntchito zimavutanso kupeza. Fernandes, mwini wa Burny, idaleka malonda mu 2024.

Pali zinanso ziwiri zokhudza oitanitsa katundu. Gitala payokha siilumikizidwa ku magetsi a m'nyumba, koma chokuzira mawu chake chimalumikizidwa, ndipo chopangidwira msika wa ku Japan chimafuna mphamvu ya 100 volts pomwe magetsi a m'dziko muno ndi a 230 volts. Chopanda thiransifoma chimapsa. Chachiwiri ndi mtengo wa rosewood womwe umakhala pamwamba pa khosi la magitala ambiri. Mu January 2017 pangano la CITES lidakhwimitsa malonda a mtengowu, ndipo zida zoimbira zinkafuna ziphaso podutsa malire, koma kuyambira mu November 2019 zida zomalizidwa kale zidachotsedwa pa lamuloli, kupatula zopangidwa ndi rosewood wa ku Brazil.

Pa chikalata choitanitsira katundu, dzina la kampani liyenera kutsagana ndi mtundu weniweni wa gitala, nambala yake ndi dziko lomwe idapangidwira. Pa magitala ambiri dzikolo limalembedwa kumbuyo kwa mutu kapena kumunsi kwa khosi, pomwe wolandira katundu angathe kuwerenga asanasayine.