Kusankha pulogalamu yosungilamo dziko la nkhani yopeka

Wolemba buku kapena sewelo la pa wailesi limene licitika m'dziko lopeka amasenza katundu wolema. Afunika kukumbukila maina a midzi ndi mitsinje imene iye mwini anapeka, mafumu amene analowana ufumu, malamulo a dzikolo ndiponso caka cimene munthu aliyense wa m'nkhaniyo anabadwa. Akaiwala cimodzi cabe, owelenga ndi omvela amazindikila msanga.

Zimenezi zinawacitikilapo ngakhale a George R. R. Martin a ku America, amene mabuku awo ndiwo anabala sewelo la pa TV la Game of Thrones. Iwo anavomeleza kuti kavalo mmodzi yemweyo anali wamwamuna m'buku lina koma wamkazi m'buku linanso. Pofuna kupewa zotele, olemba ambili masiku ano amasunga zonse za dziko lawo m'mapulogalamu a pa kompyuta ndi pa foni.

Mapulogalamuwa alipo a mitundu itatu. Mtundu woyamba umaika nkhani ndi zolemba zothandiza pamalo amodzi. Citsanzo ndi Scrivener, imene inatuluka mu 2007 pa makompyuta a Mac ndipo mu 2011 pa Windows. Munthu amaigula kamodzi, ndipo imagwila nchito popanda intaneti.

Mtundu waciwili uli pa intaneti. World Anvil, imene inayamba mu 2017, ili ndi mafomu okonzelatu a mizinda, anthu, zipembedzo, zinenelo ndi mapu. Mbali ina ndi yaulele, koma zina zimafuna malipilo a pamwezi kapena a pacaka.

Mtundu wacitatu umalumikiza zolemba zing'onozing'ono. Mu Obsidian, imene inatuluka mu 2020, wolemba akakhudza dzina la mfumu amafika pa tsamba la mfumuyo n'kuonanso masamba onse amene aichula. Pulogalamuyi ndi yaulele, ndipo zolemba zimakhala m'foni kapena m'kompyuta ya mwini wake ngati mafayilo wamba amene mapulogalamu ena angatsegule.

Nanga wolemba asankhe iti? Funso loyamba n'lakuti: kodi kampani ikatseka kapena ikasintha malamulo, zolemba zanga ndidzazitulutsa bwanji? Dziko lopeka limamangidwa kwa zaka zambili, pamene makampani amasintha mitengo nthawi iliyonse. Mu December 2023, Evernote inalamula kuti ogwilitsa nchito mwaulele asapitilile zolemba 50. Amene anali ndi zambili kuposa pamenepo sanathenso kuwonjezela zatsopano popanda kulipila. Conco musanaike nchito ya zaka zisanu m'pulogalamu iliyonse, onani ngati ilola kutulutsa zonse n'kuzitsegula kwina.

Funso laciwili likhudza magetsi ndi intaneti. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, manyumba ambili m'Zambia anali kukhala maola oculuka patsiku opanda magetsi. Pa nthawi yotele, amene zolemba zake zili m'foni amapitiliza nchito malinga batile lilipo, koma wodalila intaneti amayembekezela, ndiponso amawonongela ndalama pa ma bundle. Kumbukilaninso kuti malipilo a pamwezi kawilikawili amakhala m'madola, motelo amakwela kwaca ikatsika mphamvu.

Funso lacitatu n'lakuti: kodi cimene cimandisokoneza kwambili m'nkhani yanga n'ciani? Buku la a Namwali Serpell, obadwila ku Lusaka, lochedwa The Old Drift, limene linatuluka mu 2019 n'kupata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020, litsatila mabanja atatu m'mibadwo ingapo, ndipo kumayambililo kwake kuli cithunzi ca mzela wa mabanjawo. Wolemba nkhani ya mtundu umenewo angathandizidwe kwambili ndi Gramps, pulogalamu yaulele yolondolela makolo, kuposa ndi pulogalamu yodzala ndi mapu. Amene nkhani yake ili ndi anthu khumi cabe, tsamba limodzi la mu Word kapena LibreOffice limukwanila.

Pali ngozi inanso. Mafomu okongola angacititse wolemba kutha miyezi akudzaza maina a mitengo ndi nyenyezi, buku lenilenilo osayambika. A Martin ananena mu 2014 kuti amalembela pa WordStar 4.0, pulogalamu ya m'zaka za m'ma 1980, pa kompyuta yosalumikizidwa ku intaneti.

Njila yabwino ndi kuyesa ndi mutu umodzi wa nkhani. Lowetsani anthu ake, malo ake ndi zaka zake, kenako zimitsani intaneti muone ngati zitseguka. Zikatseguka, zitulutseni n'kuziwelenga pa foni kapena kompyuta ina. Pulogalamu imene yapambana mayeso awiliwa mungaidalile, koma sungani kope lina pa fulashi mlungu uliwonse.