Ma hits ndi anthu kodi?

Alamu anga amagulitsa zitenje ndi nsapato ku Limbe. Tsiku lina anandipeza kunyumba pepala lili m'manja, nkhope ili ngwee. Akuti mnyamata wina wa webusaiti ya nkhani wawalonjeza kuti akalipira kangachepe, chithunzi cha sitolo yawo chidzaonedwa ndi khwimbi la anthu. Papepalapo panali nambala ya maziro ambirimbiri, pambali pake mawu oti hits.

Ndinawafunsa kuti, "Alamu, ma hits amenewa ndi anthu?" Anangoti kukamwa yasa.

Abale anga, nkhani yake ili chonchi. Webusaiti iliyonse imasungidwa m'kompyuta yotchedwa seva, ndipo sevayo imalemba m'kaundula wake chilichonse chimene yapemphedwa kutumiza. Inu mukatsegula tsamba limodzi lokhala ndi zithunzi 20, kaundula uja amalemba ma hits osachepera 21, pomwe munthu ndinu nokha. Zili ngati kondakitala wa minibasi kuwerenga thumba la chimanga, dengu ndi nkhuku zomwe, n'kukauza bwana wake kuti onsewo anali okwera. Komanso m'kaundulamo mumalowa makompyuta a Google ndi a makampani ena, amene amayendayenda pa intaneti usana ndi usiku kusanthula masamba. Amenewo sagula chitenje.

Njira yachiwiri ndiyabwinoko. Mwini webusaiti amaika kapulogalamu patsamba lake, ndipo mlendo akafika kamasiya kachizindikiro kotchedwa cookie m'foni kapena m'kompyuta yake, kuti akabweranso kamudziwe. Cookie anaiyambitsa a kampani ya Netscape mu 1994, ndipo kuwerenga kotereku kunafala kwambiri Google itagula kampani ya Urchin n'kutulutsa Google Analytics yaulere mu 2005. Komatu chimene amachitcha mlendo mmodzi si munthu ayi, ndi chipangizo. Wophunzira amene wawerenga nkhani pafoni m'mawa, n'kuiwerenganso pakompyuta ya kukoleji masana, wasanduka anthu awiri. Ophunzira khumi olandizana kompyuta imodzi mulaibulale asanduka munthu mmodzi. Nanga foni imodzi ija imazungulira banja lonse madzulo? Ena amafufuta ma cookie, ena amatsekereza kapulogalamuko, moti nambala ya njira iyi ndi ya m'kaundula wa seva sizigwirizana ngakhale tsamba lili lomwelo, tsiku lomwelo.

Palinso makampani monga Nielsen ndi comScore, amene amatsatira kagulu ka anthu ovomera kuonedwa zochita zawo, kenaka n'kuyerekeza za anthu onse. Alexa inkachita zofananako, koma Amazon inaitseka mu May 2022, choncho wokuonetsani nambala ya Alexa lero akukuonetsani mbiri yakale. Kulawa ndiwo ndi chipande n'kwabwino ngati mphika wavundulidwa. Tsono mayi wa ku Ndirande wogula bandulo ya tsiku limodzi analowa liti m'kagulu kameneko?

Musaganize kuti osokoneza manambala ndi anyamata a m'tauni okha. Mu 2016 Facebook inavomera kuti inkakweza nthawi imene anthu amatha poonera mavidiyo, chifukwa powerengera inkasiya onse oonera kosakwana masekondi atatu. Otsatsa malonda anaisumira, ndipo mu 2019 inavomera kulipira madola 40 miliyoni. Ngati akuluakulu a maloya awo anapusitsika, kuli bwanji ife a pakhonde la sitolo?

Ine pa njira zitatuzi ndimakhulupirirako yachiwiri, bola mwini tsamba atsegule kompyuta yake pamaso panu, osati kukubweretserani pepala. Muone alendo a mwezi umodzi, muonenso kumene ali. Webusaiti ya nkhani za kuno ikhoza kumawerengedwa kwambiri ndi abale athu a ku Johannesburg ndi ku London, ndipo iwowo sangakwere ndege kudzagula nsapato ku Limbe.

Alamu ndinawauza kuti alipire sabata imodzi yokha, ndipo pachithunzipo alembepo kuti aliyense wonena kuti wachiona pa intaneti amuchotserako mtengo. Wobwera wotero azimulemba m'kope lija amalembamo angongole. Anakamuuzanso mnyamata uja kuti awaonetse alendo a ku Blantyre okhaokha. Iye anati abwera nazo Lolemba. Mpaka lero alamu akudikirabe, ndalama zawo zili m'thumba.