GALIMOTO YAKALE IKAMADUKIZA NDI KUMATHA MADZI

Nyengo yogulitsa mbewu ndiyo imene galimoto zathu zimagwira ntchito yakalavula gaga. Kuyambira mwezi wa Epulo mapikapu a ku Thumbwe, Namitambo, Milepa ndi Mbulumbuzi amatuta mabelo a fodya opita ku okushoni ku Limbe, kenaka chimanga ndi nandolo. Zambiri mwa galimotozi ndi zakale, monga Nissan 1400, Toyota Hilux ndi Peugeot 504. Nissan 1400 adaleka kuipanga ku South Africa mu 2008, choncho ngakhale yomalizira kupangidwa idapitirira kale zaka 15.

Matenda amene amagwira galimoto zotere kawirikawiri ndi awiri: injini kumadukiza, kumene amakaniko amati kumisa, ndiponso madzi kumatha mu rediyeta. Nthawi zina awa amakhala mavuto awiri ang'onoang'ono. Nthawi zina limakhala vuto limodzi lalikulu loti nkudya phindu lonse la chaka. Mlimi, kaya muli ndi galimoto yanu kaya mumachita kubwereka, muyenera kudziwa kusiyanitsa kwake. Pofufuza yambani ndi zotsika mtengo, zodula zibwere pambuyo.

INJINI IKAMADUKIZA

Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu: mafuta, mpweya ndi moto wa m'mapulagi. Ikamadukiza ndiye kuti chimodzi mwa izi chikuperewera. Musanagwire sipanala, yambani mwaona nthawi imene imadukiza.

1. Ngati imadukiza pokwera chitunda itasenza katundu, koma pachidikha imayenda bwino, kawirikawiri mafuta sakufika okwanira. Sinthani fyuluta ya mafuta. Ikapitirizabe, makaniko aone pampu ya mafuta ndi kabuleta.

2. Ngati imadukiza m'mawa kukachita nkhungu, makamaka m'miyezi ya chiperoni, ndiye kuti chinyezi chalowa pa mawaya a mapulagi kapena m'chivundikiro cha disitibyuta. Pukutani ndi nsalu youma. Chivundikiro chikakhala ndi mng'alu, gulani china.

3. Ngati yayamba kudukiza mutangothira mafuta, kayikirani mafutawo. Petulo wa kuno ku Malawi amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ntchitoyi idayamba mu 1982 ku Dwangwa, ndipo mu 2004 fakitale ina idatsegulidwa ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, komanso amafewetsa mapaipi akale a labala. Petulo wokhalitsa m'zigubu ndiye amakhala ndi madzi ndi zitsotso zambiri. Tsirani pang'ono m'botolo loonekera mkati ndi kuliika pansi kwa kanthawi. Ngati muli madzi, adzadikha pansi pa botolo.

4. Ngati ikutulutsa utsi wakuda ndi kumamwa mafuta ambiri, onani fyuluta ya mpweya. Fumbi la m'misewu yathu m'chilimwe limaitseka msanga.

Mukatha izi, masulani mapulagi injini itazizira, ndipo muwandandalike monga momwe adaliri pa injini. Pulagi yabwino imakhala yofiirira kunsonga. Ya mwaye wakuda isonyeza kuti mafuta akuchuluka. Yonyowa ndi oyilo isonyeza kuti injini yadyeka mkati. Koma mukapeza imodzi yoyera mbee ngati yotsukidwa pamene zinzake zili zofiirira, isungeni padera. Tikambanso za iyo kutsogoloku. Mpata wa kunsonga kwa pulagi pa injini zakalezi umakhala pafupifupi mamilimita 0.8. Mawaya a mapulagi musawasokoneze, pakuti injini zambiri za masilinda anayi zimayaka motsatana 1-3-4-2. Ikani chizindikiro pa waya aliyense musanamuzule.

Galimoto za masiku ano zopanda kabuleta musazigwiregwire. Vuto lake amalipeza ndi makina oyezera. Ya dizilo ikamadukiza, yambani mwakhetsa madzi a pansi pa fyuluta ndi kuona ngati mpweya sukulowa m'mapaipi a mafuta.

MADZI AKAMATHA

Lamulo loyamba ndi ili: musatsegule chitsekero cha rediyeta injini ili yotentha. Madzi ake amatumphuka ndi kuwaula nkhope ndi manja.

Chitsekerocho chili ndi ntchito yaikulu. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja ya mchere, koma kumtunda kuno, kumene malo ambiri ndi okwera mamita 1,000 kapena kuposerapo, amawira pa madigiri 96 kapena 97. Chitsekero chabwino, chimene kawirikawiri chimalembedwa 0.9, chimapanikiza madzi kuti asawire mpaka atapitirira madigiri 110. Labala wake akang'ambika, madzi amawira msanga ndi kumatayika pang'onopang'ono. Chitsulo chimenechi nchotsika mtengo, choncho yambirani pamenepo.

Pofuna kupeza pamene pakudontha, imikani galimoto madzulo ndi kuyala katoni pansi pa injini. M'mawa onani pamene panyowa.

Kutsogolo kwenikweni: ndi rediyeta kapena mapaipi ake. Finyani mapaipi ndi dzanja. Yofewa kwambiri, yotupa kapena yong'aluka isinthidwe. Mangitsaninso makilampu.

Pansi pa fani: ndi pampu ya madzi. Ili ndi kabowo kunsi kwake kamene kamayamba kudontha pampuyo ikatha. Gwedezani fani injini itazima. Ikamagwedera, pampu yatha.

M'mbali mwa injini: ndi tizitsekero tachitsulo tozungulira timene timadyeka ndi dzimbiri.

M'kati mwa galimoto popondapo mapazi: ndi hita.

Pamene madzi amatulukira pamasiya mzere woyera kapena wa dzimbiri, ngakhale pataphwa. Onaninso lamba wa fani: mukamdinikiza ndi chala pakati, alowe sentimita imodzi yokha. Chotsani mankhusu, udzu ndi zinyenyeswa za fodya zimene zimatseka maso a rediyeta.

Ena amathira dzira, sopo kapena ufa mu rediyeta kuti pobooka patsekeke. Zimenezi zimatseka pobooka pamodzi ndi timipata toyendamo madzi, ndipo mawa lake injini imatentha koposa kale. Ena amachotsa themositati, kachitsulo kamene kamatsegula njira ya madzi akafika pa madigiri pafupifupi 82. Ikaonongeka ikani ina, musayende popanda. Madzi a pamjigo ndi a mumtsinje amasiya mchere ndi matope m'kati. Thirani mankhwala ake a kulanti, osakaniza ndi madzi oyera monga alembera pabotolo. Mankhwalawa ndi poizoni, koma amatsekemera. Asungeni kutali ndi ana, agalu ndi ziweto, ndipo musawaike m'botolo la zakumwa.

ZIWIRIZI ZIKABWERA PAMODZI

Apa ndipo pofunika kusamala. Pali njira zitatu zimene kudukiza ndi kutha madzi zimakumanira.

Yoyamba, paipi yobooka imapopera madzi pa disitibyuta ndi mawaya, moto nkumaduka. Mukasintha paipi zonse zimatha.

Yachiwiri, madzi akachepa injini imatentha kwambiri, petulo amasanduka nthunzi m'paipi asanafike ku kabuleta, galimoto nkuyamba kudukiza. Mukatseka podontha kudukizako kumalekanso.

Yachitatu ndiyo yoopsa. Pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake pali gasiketi imene imalekanitsa madzi, oyilo ndi moto. Injini ikatenthedwa kangapo, mutu umapindika ndipo gasiketi imapsa. Zikatero madzi amalowa mu silinda ndi kuzimitsa moto. Zizindikiro zake ndi izi:

(a) Madzi akutha koma katoni ali gwaa, palibe pamene padontha.

(b) Utsi woyera ukutulukabe ku ekizozi ngakhale injini itatentha. Nthunzi ya m'mawa kukazizira imatha posakhalitsa. Iyo si vuto.

(c) Oyilo pa kachitsulo koyezera kapena pansi pa chitsekero chake akuoneka ngati tiyi wothira mkaka.

(d) Mukaliza injini yozizira chitsekero cha rediyeta chili chochotsa, thovu likutuluka mosalekeza.

(e) Injini imadukiza poiliza m'mawa, kenaka nkukhala bwino.

(f) Pulagi imodzi ndi yoyera mbee, monga tanena kale. Nthunzi ya madzi ndiyo imaitsuka.

Mukaona ziwiri kapena zitatu mwa izi, imikani galimoto. Musanene kuti ingopita ulendo umodzi wokha ku Limbe. Oyilo wosakanikirana ndi madzi sateteza zitsulo, ndipo injini imene ikadangofuna gasiketi idzafuna kumasula yonse. Itanani makaniko ayeze mphamvu ya silinda iliyonse ndi geji. Akachotsa mutu, upite ku shopu ya makina ku Limbe kapena ku Blantyre akauyeze, ndipo ngati wapindika akausalaze. Kuika gasiketi yatsopano pa mutu wopindika nkutaya ndalama. Maboti a mutu amangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu, motsatira ndondomeko yake. Pomaliza pezani chimene chidatenthetsa injini poyamba, kuopa kuti gasiketi yatsopano ingapsenso.

MUKAKHALA PAULENDO

Kamuvi ka kutentha kakayandikira pofiira, kaya muli pa Njuli kaya pa Namadzi, patukani ndi kuzimitsa injini. Tsegulani boneti ndipo dikirani theka la ola kapena kuposerapo. Musathire madzi ozizira pa injini yotentha, pakuti mutu ungang'aluke. Ikazizira, tsegulani chitsekero pang'onopang'ono mutachiphimba ndi chiguduli, lizani injini, ndipo thirani madzi pang'onopang'ono. M'galimoto musasowe malita 5 a madzi, lamba wa fani wapadera, makilampu, sipanala ya mapulagi ndi lona wofunditsira katundu.

KWA INU OBWEREKA GALIMOTO

Alimi ambiri, pamodzi ndi inu olima pa maesiteti, mumachita hayala galimoto ya munthu wina. Musachite manyazi kupempha dalaivala kuti atsegule boneti musanapakire. Onani madzi, onani oyilo, mverani kulira kwa injini, yang'anani utsi. Gwirizanani pamaso pa mboni kuti galimoto ikafa panjira, ndani adzalipira ina yopitiriza ulendo. Belo la fodya likagona panja nkunyowa limachita nkhungu ndipo mtengo wake umatsika, pamene inu mudalikhetsera thukuta chaka chonse. Musalole kupakira mopitirira muyezo pofuna kuchepetsa maulendo, chifukwa katundu wolemetsa ndiye amatenthetsa injini pachitunda.

Kumbukirani: onani madzi ndi oyilo m'mawa uliwonse injini isanalire, ndipo konzani galimoto msika usanatsegulidwe, osati mabelo atapakiridwa kale.