Mfuti yosafuna kutsuka kulibe

Sabata yatha anandibweretsera mfuti ya mlonda wina wa zinyama, mnyamata wakhama amene ntchito yake amaikonda. Dandaulo linali lakuti ikalira kamodzi ikumangoti zii, chipolopolo chachiwiri osalowa. Nditaimasula ndinapeza pisitoni itakakamira m'malo mwake moti ndinachita kuinyika mu oyilo usiku wonse kuti isunthe. Kumutu kwake kunali chikhokho chakuda cholimba gwa, ndipo nditachipala, pansi pake panaoneka dzimbiri lomwe linali litadya kale chitsulo n'kusiya timaenje. Kansalu koyera komwe ndinapisa mumpope kanatuluka kali bii, kachiwiri kanatuluka kofiirira. Ndinamufunsa kuti mfutiyo anaitsuka liti komaliza. Anandiyankha mwaulemu ndithu: "Madala, pajatu izi zapisitoni sizifuna kutsuka. Zimangofuna zipolopolo basi."

Mnyamatayo sindikumuimba mlandu. Bodzali sanapeke yekha, analimva kwa akuluakulu ake, ndipo ndi lakale kuposa iyeyo. Kuno kwathu limayenda ndi mbiri ya AK-47, mfuti yomwe ambiri tinaidziwa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Koma ngakhale ku America, dziko limene anthu wamba ali ndi mfuti zochuluka kuposa kwina kulikonse, bodza lomweli linawazunguza mitu eni mfuti, ndipo linaonekera poyera pamene kampani ina yakale inatulutsa mfuti yatsopano mu 2009.

Kampaniyo ndi Sturm, Ruger & Co., yomwe William Ruger ndi Alexander Sturm anaiyambitsa mu 1949 ku Southport, m'chigawo cha Connecticut. Inatchuka ndi mfuti zolimba, zosakongoletsa kwambiri, zamtengo woti mlimi kapena mlenje akhoza kukwanitsa, monga 10/22 ya mu 1964 ndi Mini-14 ya m'zaka za m'ma 1970. Kwa nthawi yaitali inakhala patali ndi mfuti za mtundu wa AR-15, zooneka ngati za asilikali zija. Lamulo la mu 1994 loletsa zina mwa mfuti zotere litatha mphamvu mu 2004, msika unatseguka. Smith & Wesson analowamo mu 2006 ndi M&P15. Kenaka mu Meyi 2009, pa msonkhano wapachaka wa bungwe la eni mfuti la NRA mumzinda wa Phoenix, a Ruger nawo anaonetsa yawo, SR-556, pa mtengo wa madola 1,995.

Mfuti imeneyi ndi ya gulu lomwe timalitcha semi-automatic. Ukakoka kamodzi kachitsulo kowombera, chimatuluka chipolopolo chimodzi, ndipo mfutiyo payokha imataya chigoba n'kulowetsa chipolopolo china, n'kudikira kuti ukokenso. Imasiyana ndi zankhondo zolakatika zija, zomwe zimangokhuthula zipolopolo malinga ngati chala sichinachoke. Zoterozo ku America zatsopano anasiya kulola anthu wamba kugula kuyambira 1986. Komabe pasakhale wina woiyesa choseweretsa. Magazini ya zipolopolo 30 m'manja mwa munthu wachala chofulumira imatha m'kanthawi kochepa, ndipo ine sindingakondwe kuona mfuti zotere zikugulitsidwa mwachisawawa kuno.

Eni mfuti anailandira SR-556 mosiyanasiyana. Ena anali ndi mangawa akale. Mu 1989 William Ruger analembera kalata aphungu a nyumba ya malamulo ya dzikolo kuwauza kuti m'malo moletsa mitundu ya mfuti, angoletsa magazini olowa zipolopolo zoposa 15. Ambiri anamutenga ngati wowagulitsa, ndipo ena analumbira kuti sadzagulanso katundu wake. Mkuluyo anamwalira mu 2002, ndiye mfuti yatsopanoyo itafika m'bokosi muli magazini atatu a zipolopolo 30 iliyonse, ena anati kampani yalapa, ena anati yangonunkhiza ndalama. Gulu lina linadandaula za thumba ndi mikono: mtengo unali wokwera, ndipo mfutiyo inkalemera pafupifupi makilogalamu 3.6 isanalowe chipolopolo, kulemera kwakukulu kuli kutsogolo. Koma gulu lomwe linasokosa kwambiri linali la osangalala, ndipo chowasangalatsa chinali chimodzi: pisitoni. Ankati tsopano kwabwera AR yaukhondo, yosakana kulira, yosatopetsa ndi zotsukatsuka ngati AK.

Apa mpamene mmisiri aliyense woona amagwira mutu. Mfuti ya pisitoni ndi AR-15 wamba zonse zimayendera mphamvu imodzi. Wonga ukapsa umatulutsa mpweya wotentha womwe umakankha chipolopolo. Pampope pali kabowo kakang'ono komwe kamapatutsa mpweya pang'ono kuti ukabweze mmbuyo chitsulo chomwe timachitcha bolt carrier, chimene chimasolola chigoba ndi kutenga chipolopolo china pobwerera. Kusiyana kuli panjira yokha. Pa mapangidwe a Eugene Stoner, omwe anayambira pa AR-10 ku kampani ya ArmaLite m'zaka za m'ma 1950, mpweyawo umadutsa m'kapaipi kowonda mpaka kukalowa m'kati mwa bolt carrier mwenimwenimo. Azungu amati direct impingement. Kumene mpweya wafika, mwaye ndi kutentha zafikanso, nchifukwa chake m'mimba mwa AR-15 mumada msanga. Pa mfuti ya pisitoni, mpweya umathera kutsogolo komweko: umamenya pisitoni, pisitoni n'kukankha kandodo kachitsulo, kandodoko n'kukagunda bolt carrier.

Zoona zake, m'mimba mwa mfuti ya pisitoni mumakhaladi moyera ndiponso mozizirirapo. Izi sinditsutsa. Chomwe ndimakana n'choti litsiro latha. Mayi akasamutsa mafuwa kuchoka m'nyumba kupita kukhitchini yapanja, nyumba imayera, koma denga la khitchiniyo limada ndi mwaye chimodzimodzi. Wonga wopsa ndi womwewo, mwaye wake wangosamukira kumutu kwa pisitoni ndi pa regulator, kachitsulo kopotokola komwe kamachepetsa kapena kuonjezera mpweya. Pa SR-556 kachitsuloka kali ndi malo anayi, kuyambira potsekeratu mpweya mpaka potsegula kwambiri. Mwini mfuti akatsegula m'mimba n'kuona moyera amakhutira, amatseka, n'kuiika pakona. Kutsogolo kuja mwaye ukuumirira tsiku ndi tsiku, mpaka regulator imakana kupotokoka ndi zala. Ikafika kwa ife timachita kulimbana nayo ndi zida, ndipo nthawi zina chitsulo chimakhala chitaonongeka kale.

Pali chinanso chomwe okondwerera aja sanachiganizire. Stoner anakonza mfuti yake kuti mphamvu izikankha molunjika, mzere umodzi ndi mpope. Ukaikamo pisitoni, kandodo kaja kamagunda bolt carrier chakumwamba, ndiye kumbuyo kwake kumapendekera pansi n'kumakhula paipi yomwe imalowamo, imene muli sipuling'i. Vutoli timalitcha carrier tilt. Eni mfuti za AR zapisitoni, kuphatikizapo ena ogula SR-556 oyambirira, anayamba kuonetsana zithunzi za malo operepeseka pakamwa pa paipiyo, ndipo opanga anachita kusintha maumbidwe a kumbuyo kwa bolt carrier kuti kukhulako kuchepe. AK-47 ilibe dandaulo lotere chifukwa Mikhail Kalashnikov anaipanga ndi pisitoni kuchokera pachiyambi, ndipo bolt carrier yake imayenda m'tinjanji. Onjezeranipo kuti zipangizo za AR wamba zimalowana, za kampani iyi zimakwana pa mfuti ya kampani ina, pomwe pisitoni kampani iliyonse inali ndi yakeyake. Kachitsulo kamodzi kakathyoka, ulendo ndi wa kwa mwini fakitale basi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti dziko la America lomwelo linalipira kale bodzali ndi miyoyo ya anthu. M16, mbale wake wankhondo wa AR-15, itayamba kuperekedwa kwa asilikali ku Vietnam chapakati pa zaka za m'ma 1960, mbiri inafala yoti mfutiyo imadzitsuka yokha. Ambiri anailandira popanda ndodo ndi bulashi zotsukira zokwanira, ndiponso popanda maphunziro a kasamalidwe kake. Nthawi yomweyo akuluakulu anasintha wonga, kuchoka pa wa timitengo womwe mfutiyo inayesedwera kupita pa wa timibulu, umene unkasiya litsiro lambiri ndi kuthamangitsa zitsulo mopyola muyeso. Chamber, kutanthauza kachipinda komwe chipolopolo chimakhala poombedwa, sanaikute ndi chrome. M'chinyontho cha nkhalango za kumeneko kachipindako kankachita dzimbiri, chigoba n'kukakamiramo, ndipo msilikali ankayenera kupisa ndodo kukamwa kwa mpope kuti achigogode, adani akumuombera. Mu 1967 makalata a asilikali onena za anzawo opezeka atafa pambali pa mfuti zokana kulira anafika ku nyumba ya malamulo, ndipo komiti yotsogozedwa ndi phungu Richard Ichord inafufuza n'kudzudzula akuluakulu a asilikali mosapsatira. Mankhwala ake sanali kuikamo pisitoni ayi. Anakuta chamber ndi chrome, anasintha buffer yochepetsa liwiro la zitsulo, anagawa zotsukira, ndipo mu 1968 anatulutsa kabuku kazithunzi kojambulidwa ndi Will Eisner kophunzitsa msilikali kusamala mfuti yake. Mapangidwe omwewo a Stoner akugwirabe ntchito m'magulu ankhondo mpaka lero.

Nanga nkhani ya Ruger inatha bwanji? Mu 2014 kampaniyo inatulutsa AR-556, yopanda pisitoni, ya kapaipi ka mpweya monga anapangira Stoner, pa mtengo wa madola 749. Yopepuka, yotsika mtengo, yolowana zipangizo ndi zinzake, ndipo ndi imeneyi yomwe inafala m'manja mwa ogula. Sindikunena kuti SR-556 inali mfuti yoipa. Inali yopangidwa bwino, ndi mpope wabwino, ndipo pisitoni ili ndi malo ake, makamaka pa mfuti zamipope yaifupi kwambiri kapena zoomba mosalekeza. Cholakwika chinali chiyembekezo cha ogula, choti akalipira madola ambiri agula ufulu wosagwira kansalu ndi oyilo.

Kuno kwathu palinso mdani wina amene anthu samudziwa. Zipolopolo zambiri zakale za 7.62x39, zochokera kumaiko a kum'mawa kwa Ulaya ndi China, zili ndi primer, kapoto koyatsira wonga kaja, yosiya mchere mumpope ndi pa pisitoni. Mcherewo umakoka chinyontho, ndipo nyengo yadzinja dzimbiri limayamba m'masiku owerengeka. Oyilo sausungunula, amangoukwirira. AK imapirira fumbi ndi matope chifukwa zitsulo zake zili ndi mipata yotakasuka, koma dzimbiri silisankha dzina la mfuti. Ikhoza kuliradi ili yakuda, inde, koma m'kati ikutha pang'onopang'ono, ndipo tsiku lomwe idzakane silidzakhala tsiku losankha iwe. Mlonda wa zinyama akakumana ndi opha njovu, kapena njati yovulala, alibe mpata wopempha kuti adikire kaye.

Malangizo anga ndi achidule, ndipo mfuti zimasiyana, choncho buku la mfuti yanu ndi mmisiri wa pantchito panu ndiwo ali ndi mawu omaliza. Musanagwire chilichonse chotsani magazini, kokani bolt carrier, yang'anani m'chamber ndi maso, pisanimonso chala, mpope utaloza kopanda anthu. Ngozi zambiri za "ndimangoitsuka" zimachokera pa chipolopolo chimodzi chotsalira m'menemo. Mukaomba, tsukani tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Ngati mukukayikira kuti zipolopolo zanu n'zamchere, madzi otentha pang'ono mumpope ndi pa pisitoni amathandiza, kenaka umitsani bwinobwino musanapake oyilo. Mutu wa pisitoni kawirikawiri umafuna kukhala wouma kapena wongopukutidwa ndi kansalu ka oyilo, chifukwa oyilo wochuluka pamenepo amapsa n'kusanduka chikhokho. Pa AR wamba, bolt carrier ndiyo imafuna kunyowa. Musapale ndi mpeni kapena sandipepala. Chitsulo chikaoneka ndi mng'alu kapena timaenje, lekani kuombera, pititsani kwa wodziwa. Ndipo mfuti ikhale ndi laisensi yochokera kupolisi, izikhala m'kabati yachitsulo yokhoma, zipolopolo pamalo ena, makiyi kutali ndi ana.

Kwa mabwana oyang'anira alonda, pempho langa ndi ili: musanafunse za mfuti zatsopano zomwe mwaona pa intaneti, funsani kaye ngati mnyamata aliyense ali ndi ndodo, bulashi, nsalu ndi oyilo, ndiponso ngati anaphunzitsidwa kumasula mbali ya pisitoni. Ikani tsiku loyendera mfuti, muzitsegula n'kusuzumira nokha kutsogoloko. Zinthu zimenezi n'zotsika mtengo kuposa mfuti imodzi, ndipo moyo wa munthu amene mwamutuma kutchire umadalira zimenezo.